Chigwada cha Roza pa Mbale Yoyera

"Khadiyi ikunena zakudya, mayi, sikunena zophika," anabwerezanso a Elifala, atayiyandikiza kumaso ngati kuti Chingerezi chimamveka bwino ukachinunkhiza. "Apa alemba dzina lanu, apa langa. Nanga ine ndikaphika chiyani kumeneko?"

"Inu mukadya, monga mwa ntchito yanu," anayankha a Faines, akunola mpeni pamwala wa pakhonde. "Koma munamva kuti mkazi wamanja ake awiri akuitanidwa paphwando kuti akangokhala pampando?"

A Elifala anaipinda khadiyo. Zaka makumi atatu za ukwati zinali zitawaphunzitsa nthawi yoika khadi pansi.

Ku Chezi konse palibe amene sadziwa a Faines. Akhala akuphika kunyumba ya ansembe kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Abambo mfumu atatu abwera ali owonda n'kuchoka malamba atawonjezera mabowo. Ukwati ukamveka, maliro akagwa, chikondwerero cha parishi chikayandikira, uthenga umafika kwa a Faines usanafike kwa eni nkhuni. Mpunga wawo sugwirana, nkhuku yawo siuma, koma chimene chinawapatsa dzina ndi ndiwo yonyozeka, chigwada chotendera. Masamba a chinangwa amathyola okha m'mamawa, ansonga okhaokha, amasinja mpaka mtondo uleke kulira, ndipo nsinjiro amathira mochedwa, pa nthawi imene iwo okha amaidziwa ndi mphuno. Ambuye Episkopi anapemphapo kuwonjezera kawiri. Nkhani imeneyi a Faines saikamba okha, amadikira wina aiyambe, ndipo akachedwa amamuthandiza.

Roza ndi mlamu wawo, mkazi wa mlongo wawo wamng'ono Andireya. Anabwera pabanja nyemba zake zikulira m'mbale ngati miyala. A Faines ndiwo anamugwira dzanja, kumuonetsa kasinjidwe, kathiridwe ka mchere, kachepetsedwe ka moto. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti zaka zitatu zapitazo, mayi wina wa ku Lilongwe dzina lake Eleanor atagula nyumba yakale ya esiteti ya fodya m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi kuti aisandutse kahotela, anafika kuparishi kudzafunsa a Faines enieniwo. Iwo anakana. Anati sangasiye ansembe ndi munda kukaphikira anthu oyenda m'nkhalango atavala makabudula. Ndi pakamwa pawo pomwe pamene panatuluka mawu akuti, tengani mlamu wangayu, akuyesera.

Woyeserayo tsopano anali ndi jekete yoyera yosokedwa dzina pachifuwa. Anali atapita kuchionetsero cha zakudya mumzinda, ndipo chithunzi chake chinazungulira m'mafoni a amayi a mumphakati mpaka chinafika pamaso pa a Faines kasanu, aliyense akuganiza kuti ndiye woyamba kuwasangalatsa nacho. Pa pepala la zakudya la kahotelako panalembedwa ndiwo ina ndi dzina lake, chigwada cha Roza.

Zonsezi akanazimeza, pakanapanda za mu Ogasiti. Mwana wa m'parishi momwemo anali pafupi kudzozedwa unsembe, ndipo pa Misa yake yoyamba padzakhala tebulo la alendo olemekezeka. Tebulo limenelo lakhala la a Faines chiyambire. Koma chaka chino a Yoswa, wapampando wa komiti ya chikondwerero, anali asanabwere kudzapempha, ndipo ankati akakumana nawo panjira ankafunsa za mvula, mwezi wa Juni.

Choncho khadi itafika, yoitanira kuphwando la zakudya zakumudzi kukahotelako, a Faines anaimva mwa njira yawo. Mtsikanayo zamukulira. Alendo makumi anayi si masewera. Wachita manyazi kupempha poyera, ndiye wabisala kuseri kwa khadi. Atamva kuti a Yoswa nawonso aitanidwa, mtima unakhala pansi: akaone okha amene amapulumutsa phwando. M'chikwama analongedza mpeni, mthiko wawo wakale ndi chitenje chogwirira ntchito.

Loweruka anakwera minibasi mpaka ku Dowa, kenako njinga zamoto ziwiri zinawakweza m'mapiri, fumbi lofiira likuwakongoletsa nsidze. Kahotelako kanali pamsana pa phiri, zipinda zisanu ndi zitatu zokha, khonde lalitali, maluwa obzalidwa m'miphika yoboola dala. Magalimoto akuluakulu anali atandandalika pansi pa mitengo. A Elifala analunjika kukhomo lakutsogolo, khadi ili m'manja. A Faines anazungulira kuseri, monga amachitira mkazi aliyense wolongosoka akafika pamwambo.

Kuseriko kunalibe utsi, kunalibe mafuwa, kunalibe amayi oseka atazungulira malichero. Kunali chipinda cha zitsulo zonyezimira, anthu anayi ovala zoyera akugwira ntchito chete ngati kuchipatala. A Faines anamanga chitenje pakhomo pomwepo, n'kutulutsa mpeni, n'kufunsa kuti anyezi ali kuti.

Roza anatembenuka, nkhope inawala, kenako anaona mpeniwo. Anapukuta manja, anatuluka panja, n'kupinda maondo monga ankachitira ali mtengwa.

"Alamu, mwafika bwino? Lero si tsiku logwira ntchito inu. Lero mukhale pansi."

"Ndikhale pansi?"

"Eya. Mpando wanu uli pafupi ndi wa mayi Eleanor. Ndiye m'khitchinimu salola kulowa opanda chovala chakumutu, ndi lamulo la nyumba."

"Nanga mwandiitanira chiyani, mlamu?"

"Kudzadya, alamu."

Roza ananena zimenezi ndi mtima woyera, ndipo ndi zomwe zinapweteka. Kwathu kuno, pamwambo, mkazi amene amauzidwa kuti khalani pansi ndi wodwala, kapena wokalamba wogwa mano, kapena uja amene anzake amanong'onezana za ukhondo wa manja ake. A Faines anamasula chitenje pang'onopang'ono, anachipinda kanayi, anabweza mpeni m'chikwama, chikwamacho n'kuchisiya pakhomo la khitchini ngati mboni.

Tebulo linali limodzi lalitali, pansi pa mitengo, loyalidwa nsalu yoyera. Anthu a mumzinda anali atavala zitenje zosokedwa modula, akulankhula Chingerezi chothira Chichewa pang'ono ngati tsabola. A Yoswa anali moyang'anana ndi a Faines, mu suti ya pa ukwati wawo, akuyang'ana mafoloko atatu ngati mayeso.

Chakudya chinkabwera chimodzichimodzi, monga amachitira m'malo odyera a m'mizinda yakutali, kumene njala siikhala nawo patebulo. Choyamba chinali futali, kukula kwake ngati dzira la nkhanga. Aliyense anatulutsa foni kumujambula asanamulawe. A Elifala anameza wawo kamodzi, n'kunong'oneza kuti mwina uku n'kulawa mchere chabe, chenicheni chikubwera. Kunabwera bowa wa m'nkhalango, zidutswa zitatu. Kunabwera thobwa m'matambula a vinyo, ndipo mayi wina analizunguza n'kulinunkhiza, n'kunena kuti likumukumbutsa ubwana wake. A Faines anaganiza kuti ubwana umenewo unali wa madzi ambiri. Chilichonse ankachipezera chifukwa, ndipo chifukwa chilichonse chinkawapatsa mphamvu.

Kenako kunabwera mbale yaikulu yoyera, pakati pake kantchafu ka nkhuku ya chikuda, pambali pake supuni imodzi ya chigwada. A Faines anachiyang'ana nthawi yaitali. Iwo, mkazi amene amatsogolera korona mumphakati, anapemphera mumtima kuti chikhale chowawa, kapena chamchenga, kapena chosapsa.

Analawa. Kasinjidwe kanali kawo. Nsinjiro inathiridwa pa nthawi yawo yomwe ija. Koma pansi pa zonsezo panali kanthu kena kamene iwo sanaphunzitse, kolemera, kofungatira lilime, konunkhira ngati dothi lonyowa ndi mtedza wokazinga pamodzi. M'mphepete mwa ndiwoyo munatsetsereka kamzere kofiirira pambale yoyera. Analawanso kuti apeze cholakwa. Panalibe. Chigwadacho chinkaposa chawo, ndipo patebulo lonselo iwo okha ndiwo ankadziwa kukula kwa kuposako.

Mayi Eleanor anaitana Roza kuti alendo amuone. Anthu anaomba m'manja. Roza anati zonse zimene amadziwa anaphunzitsidwa ndi alamu ake, ndi awo akhala apowo. Mafoni onse anatembenukira kwa a Faines, ndipo anaomberedwa m'manja nawonso, mwaulemu, monga amaombera mphunzitsi wopuma pantchito. Anamwetulira ndi milomo yokha.

Ndi pamenepo pamene a Yoswa, atalimbikitsidwa ndi thobwa komanso khamu, anaweramira kutsogolo. Anayamba ndi kuyamikira zaka zonse zija, anadutsa pa kukula kwa chikondwerero cha chaka chino, anakhudza alendo ochokera mumzinda amene anazolowera zinthu zina, mpaka anafika pomwe ankapita: komiti yaganiza kuti Roza aone tebulo la olemekezeka, ndipo a Faines ayang'anire mapoto akuluakulu a anthu onse.

"Ndi ntchito yaikulu imeneyo, mayi. Anthu chikwi. Sitingaipereke kwa mwana."

"Ndamva, bambo," anatero a Faines. Anakankha mbale pang'ono, ili yopanda kanthu. "Koma mchere unachepa."

A Elifala anayang'ana mbale yopukutidwayo, anayang'ana akazi awo, n'kusankha kukhala ndi moyo.

Phwando litatha, Roza anawatengera kuchipinda chimene anawasungira kuti agone. Bedi lake linali loti banja lonse n'kukwanamo, matawulo atapindidwa ngati mbalame, ndipo pawindo mapiri a Ntchisi anali atagona motsatizana mpaka kosaoneka. A Elifala anakhala pabedi n'kudzidumphitsa kawiri. A Faines anaima pakhomo. Anaganiza kuti Roza amaona mapiri amenewa tsiku lililonse, ndi kuti ntchitoyi inabwera pakhomo pawo iwo n'kuikankha ndi phazi. Anati sangagone, mawa kuli Misa ya m'mamawa ndipo ansembe sadya mapemphero. Roza anachonderera, a Elifala anachonderera ndi maso, koma sizinatheke.

Funso la kanthu kaja ka m'chigwada linali pakamwa, koma kulifunsa kukanakhala kugwada. Anapita okha kuseri kukatenga chikwama chawo. Chitseko cha khitchini chinali chotsegula, ndipo pa shelefu, pakati pa mabotolo okongola a kunja, panali botolo lamadzi wamba lopanda pepala, lodzaza mafuta ofiira, olimba ngati uchi wa m'nyengo yozizira. Mabotolo otere anali atawaonapo kambirimbiri, pamatebulo a amayi a ku Congo mumsika wa ku Dzaleka, ndipo sanaimepo n'kamodzi komwe.

Pobwerera, minibasi itaima pa Dzaleka dzuwa litapendeka, a Faines anatsika n'kuuza amuna awo kuti adikire ina, akufuna kugula sopo. Analowa mumsika, anadutsa ogulitsa chapati ndi nthochi zophika, mpaka anapeza mayi wonenepa atakhala kuseri kwa mabotolo ofiira. Anafunsa dzina la mafutawo. Mayiyo, m'Chichewa chake chopindikira ku Chiswahili, anati ndi mawese, a zipatso za kanjedza wa kwawo, ndipo masamba a chinangwa opanda mawese ndi chakudya cha mbuzi. A Faines anameza zimenezo. Anafunsa kuti amathira ochuluka bwanji, nthawi yanji, poto wa anthu zana angafune angati. Anati akufunsira mnzawo.

"Mnzanuyo auze asapsereze, mama," anatero mayiyo akuseka. "Moto pang'ono. Akapsereza, anthu onse adziwa."

Anagula kabotolo kakang'ono kuposa onse, koyesera. Chitsekero chake sichinkagwira bwino, choncho mu minibasi anakagwira choimika pamiyendo ndi manja awiri, atakakulunga m'pepala, akukateteza pa bampu iliyonse ya msewu wa ku Chezi. A Elifala anasuzumira kawiri, kachitatu n'kufunsa ngati sopo wa masiku ano akubwera m'mabotolo.

"Ndi mankhwala a miyendo," anatero a Faines, maso ali pawindo.