Enelesi ndi Manambala Osowa

Ku Thambani Enelesi amadziwika ngati mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale yoyendera. Ana amamuitana kuti a Madamu, makolo amati amake Tiyese. Ndi mayi wamfupi, woyenda mothamanga, wosachedwa kuseka. Koma akakhala yekha m'kalasi ana ataweruka, nkhope yake imakhala ya munthu amene akudikira mlendo.

Anabadwira kwa Kanduku, kumtunda komwe njinga imakwera chokankha. Bambo ake ankalima mtedza ndi kuweta mbuzi, ndipo anamwalira iye ali ku sekondale. Masamu anamulowa m'magazi akadali wamng'ono, moti atasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba palibe anadabwa. Kumeneko anakumana ndi Kulsumu, mwana wa a Latifu a golosale ya pa boma la Mwanza. Kwawo anali asanaonanepo, koma atangodziwana kuti ndi a boma limodzi anagwirizana kugona chipinda chimodzi. Wina ankapita kutchalitchi, wina kumzikiti, koma pa masamu ankakangana ngati ana a mimba imodzi.

Chaka chomaliza mphunzitsi wawo anawapatsa funso la matrikisi, kutanthauza manambala osanjidwa m'timabokosi, mizere yopingasa ndi yotsika. Anati ayerekeze kuti mzere wopingasa uliwonse ndi mlimi, wotsika uliwonse ndi mtundu wa mbewu ya chimanga, ndipo m'kabokosi muli zimene mlimiyo anakolola. Vuto n'lakuti palibe mlimi amene anayesa mitundu yonse, choncho timabokosi tambiri tilibe kanthu. Kodi ndi liti pamene munthu angadziwe manambala osowawo kuchokera pa amene alipo, popanda kulota?

Funsoli linawagwira onse awiri, ndipo atamaliza maphunziro onse anapeza mwayi wokapitiriza kafukufukuyo ku South Africa. Koma akukonzekera ulendo, mayi ake a Enelesi anagwa m'munda, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Achimwene ake a Enelesi anali ku Tete, osadziwika pomwe akukhala. Enelesi anabwerera kumudzi, napempha ntchito yauphunzitsi ku Thambani, n'kuwatenga mayi akewo kukakhala nawo. Kulsumu anapita yekha.

Mayiwo anakhala zaka zingapo akudwazidwa, kenako anatsogola. Pofika nthawiyo Enelesi anali atakwatiwa ndi Zakeyu, wogula manachesi m'midzi n'kumakagulitsa ku Blantyre, ndipo anali ndi mwana wamkazi, Tiyese. Moyo sunali woipa. Zakeyu anali munthu wofatsa, wosamwa. Chimene chinkamusowa Enelesi ndi munthu womutsutsa. Akati asonyeze ana a Fomu 4 kanthu kokongola kopitirira silabasi, mmodzi ankakweza dzanja.

"Madamu, zimenezi zibwera pa mayeso?"

Akayankha kuti ayi, mapensulo onse ankagona pansi.

Chaka china m'chilimwe Kulsumu anabwera kumudzi ku ukwati wa mng'ono wake Fatimah. Enelesi anakwera matola mpaka pa boma. Anakumbatirana kuseri kwa golosale, pakati pa matumba a shuga, n'kuyamba kufunsana za ana ndi za matenda. Enelesi sanapirire.

"Iwe, funso lija lafika pati?"

Kulsumu anaseka. "Anthu onse pano akundifunsa kuti ndikwatiwa liti. Iwe wekha ndi amene wandifunsa zanzeru."

Anang'amba katoni ya sopo n'kuyamba kulemba. Analankhula kwa nthawi yaitali, akudulana mawu, mpaka mayi ake a Kulsumu anabwera kudzamukoka kuti alendo akumufuna. Akupita anatembenuka.

"Mutu wako sunachite dzimbiri, mnzanga. Yamba ndi chophweka. Tiyerekeze kuti mlimi aliyense amakolola mofanana ndi mnzake, kungoti wina kawiri, wina theka, pa mitundu yonse. Undiuze kuti timabokosi timadzazika liti."

Enelesi anabwerera ku Thambani ngati munthu amene wamwa madzi atayenda padzuwa. Ana akaweruka ankatsala m'kalasi, malata akuthetheka ndi kutentha, iye akulemba ndi kufufuta pa bolodi. Mvula yoyamba inagwa akadali pomwepo. Tsiku lina anasiya manambala, najambula kadontho pa mlimi aliyense ndi pa mbewu iliyonse, n'kulumikiza mlimi ndi mbewu imene anayesa. Ataima chapatali anaona chinthu chimene anali asanachionepo. Ngati ungayende kuchoka pa kadontho kalikonse kukafika pa kena kalikonse potsata mizereyo, manambala osowa amadzazika mwa njira imodzi yokha. Koma gulu lina likakhala lodukana ndi anzake, palibe chimene ungadziwe pakati pawo. Anayesa uku ndi uku kuti achigwetse, koma sichinagwe.

Anafika kunyumba akupuma mwawefuwefu. Zakeyu anali pakhonde akusoka thumba.

"Bambo a Tiyese, ndachipeza!"

"Chiyani, chinasowa n'chiyani?"

Anamufotokozera zonse, akujambula pansi ndi kamtengo. Zakeyu anamvetsera mpaka pamapeto, singano ili m'manja.

"Sindinamve bwinobwino," anatero, "koma nkhope imeneyi ndinali ndisanaione. Mumutumizire mnzanu uja."

Enelesi anabwerera m'kalasi, anajambula bolodi pa foni n'kutumiza. Kulsumu anaimba mawa lake masana.

"Enelesi, ndawerenga. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndipo walongosola bwino kuposa mmene ndinaphunzitsidwira ine."

"Mmene unaphunzitsidwira?"

Kulsumu anayankha mofatsa. "Chimenechi chinapezeka kalekale, mnzanga. Chili m'mabuku. Ndimafuna uyambire pamenepo kuti mutu utenthe. Sindinaganize kuti uchitenga ngati chatsopano. Pepa."

Enelesi anayankha kuti palibe vuto, anaseka, n'kutsanzika. Anapita kuseri kwa nyumba, anakhala pa mtondo wogwadika, misozi n'kuyamba yokha. Sanali kulirira kuti ena anamutsogolera. Chinamupweteka n'chakuti akanakhala kumene kuli Kulsumu, wina akanamuuza zimenezi akumwa tiyi, n'kupita naye pa shelefu kukamusonyeza buku. Iye anali atathera nyengo yonse akutsegula njira m'tchire pomwe msewu unali pafupi, popanda womuuza.

Zakeyu anamupeza pomwepo.

"Ndiye kuti mwaluza?"

"Sindinaluze. Ndangofika mochedwa."

"Musiya?"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndikanatha kusiya ndikanasiya kale."

Patapita masiku Kulsumu anamutumizira zolemba za akatswiri ena, ndi mbali ya funso limene iye mwini linkamusowetsa mtendere: nanga manambala amene alipowo akakhala ndi zolakwika, poti mlimi wina anayeza ndi ndowa yodzaza, wina yosadzaza? Pamenepa anamutsimikizira kuti mbali imeneyo sanaipeze m'buku lililonse.

Mpaka lero Enelesi akulimbana nalo. Sanapezebe yankho, ndipo mwina sadzalipeza. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi amakwera kachitunda ka kuseri kwa msika, pomwe netiweki imagwira bwino, n'kumuimbira Kulsumu. Amakangana mokweza moti akabaza odutsa amatembenuka. Kawirikawiri foni imaduka mnzakeyo ali pakati pa chiganizo. Enelesi sachoka msanga. Amaimabe pomwepo, foni ili kukhutu, maso ali chakumwera, akuyesa kuganiza chimene Kulsumu amafuna kunena.