Chinkhoswe changa, kanema wa Esinta

Iwe wojambula kanema wa pa Nathenje, wa jekete la matumba ambirimbiri, uthokoze amuna anga. Pakanapanda iwo, bwenzi lero ulibe mano.

Anthuni, tamvani. Chinkhoswe changa chinachitikira mu holo pa Mitundu. Amayi anga sanabwere, ali chigonere ndi sitiroko. Ndiye mkuluyu ndinamuuza maso ndi maso kuti kanemayu ndi wa amayi, aone mwana wawo akulandiridwa ndi akuchimuna. Akuti ndisadandaule, iye anajambulapo mafilimu.

Mwambo wake mukuudziwa. Amayamba kubweretsa atsikana ena atawafunditsa zitenje, mwamuna n'kumati uyu ayi, uyunso ayi, kenako mwini wake. Woyamba kumuvundukula anali Esinta, msuweni wanga. Holo yonse kuseka. Koma bambo wa mafilimu anangoti mkwatibwi ndi ameneyu basi.

Dzulo ndinapita kukatenga kanemayo. Mayo ine! Esinta akumwetulira. Esinta akuvina. Ndolo za Esinta. Pamene ankandivundukula ine, kamera inali yokhayokha ikujambula mipando, mwini wake ali panja akudya mpunga. Ankhoswe akupatsana nkhuku? Mulibe. Ine ndikuonekamo chigongono chokha.

Nditamufunsa, akuti sankadziwa kuti pamakhala akwatibwi onamizira. Unakulira kuti iwe? Nanga utandiona nditakhala pambali pa amuna anga, unkayesa ndine mlonda wawo? Akuti pamene ndinakhalapo panali kamdima, pomwe Esinta kuwala kumamugwera bwino, kamera inamukonda.

Inamukonda!

Ndinamugwira pakhosi, mabatani a malaya mbwee pansi. Ndinanyamula chitsulo cha miyendo itatu choimikapo kamera chija kuti ndimuphwanye nacho mutu. Amuna anga anandigwira mkono chili m'mwamba. Iye analumpha pawindo n'kusiya nsapato imodzi. Chitsulocho ndinabwera nacho pa minibasi, ndipo sindikupepesa.

Madzulo amayi anaumirira kuti aone. Ndinayesa kuzemba, sizinatheke. Ndinawagwirira foni. Anaonera mpaka kumapeto, kenako ndi pakamwa pawo popotoka paja anandifunsa kuti, "Nanga iwe, mwanawe, sunapiteko?"

Ndinalira ngati pamaliro. Chinkhoswe sichibwerezedwa.

Ndiye iwe wa mafilimu, funso limenelo ine landikanika. Bwera ku Mitundu udzawayankhe wekha amayi anga. Chitsulo chako chili kuseri kwa chitseko, ndikukudikira nacho.