Fungo la Fodya M'bandakucha

Pakamwa pangapa ndi pamene panalakwa. Ndikanangodzuka, n'kusesa pabwalo, n'kupita kuntchito osauza munthu zimene ndinkaona kutulo, bwenzi amayi aakulu atakalamba mumtendere. Koma ine kusunga pakamwa kunandikanika kuyambira ndili mwana.

Zinayamba mu Juni, chaka chimene bambo akunyumba anapita ku Joni kukafuna ntchito. Ndinkaphunzitsa sitandade faifi pasukulu ina kwathu ku Mphunzi, ndipo ndinkagona ndekha. M'bandakucha wina ndinatsegula maso. Denga ndinkaliona, chitseko ndinkachiona, tambala ndinkamumva akulira. Koma kuti ndidzutse dzanja, ayi ndithu. Mwendo nawo zii. Ndinati ndikuwe, mawu osatuluka. Kenako pakhomo panaima chinthu chakuda chopanda nkhope, chinasendera pang'onopang'ono n'kudzandikhala pachifuwa. Mpweya unandithera. Apo m'pamene ndinamva fungo la fodya wa mphuno. Thupi litamasuka ndinataya zofunda uko, n'kuthawira panja osavala nsapato.

M'mudzi mwathu monse wokoka fodya wa mphuno anali mmodzi yekha: amayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga. Iwowa ndiwo anandilera mayi atamwalira. Analibe mwana wobereka okha. Nyumba yawo inali kuseri kwa yanga, ndipo kwanga ankalowa opanda odi, n'kuyamba kuvundukula mapoto ndi kundinena kuti ndiwo ndachulutsa mchere.

Chinthu chija chinabwera katatu m'masabata awiri. Loweruka lina achimwene anga, amene anakwatira cha ku Chongoni, anabwera kudzayendera dimba lathu la kachewere. Iwo ndiwo eni mbumba, mawu awo sabwezedwa. Anandiyang'ana n'kufunsa chimene chinafiiritsa maso anga. Ine, mbuli ine, ndinakhuthula zonse mpaka za fodya zomwe.

"Wati fodya?" anatero, atasiya kupalasa. "Ndimadziwa ine! Mwana wanga uja anangodwala masiku awiri basi n'kumwalira. Tikakumba kachewereyu ndibweretsa sing'anga. Akawaloza, asamuke pamudzi pano."

"Aaa, achimwene, asamukire kuti munthu wamkulu ngati uja?"

"Akafunse anzawo amene amauluka nawo."

Ndinakalipa, inde, mpaka mawu anasasa. Koma ndisaname, mbali ina ya mtima wanga inkavomereza. Nanga fungo lija linkachokera kuti? Ndinayamba kuwazemba amayi aakulu. Tsiku lina anandibweretsera chigumu chotentha, ine n'kuchilandira ndi manja awiri, iwo atangotembenuka n'kuponyera galu. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi nkhope imanditentha.

Ndinawaza madzi odalitsa pakhomo, korona yopempherera ndinkagona nayo m'manja, koma chinthu chija osasiya. Tulo ndinayamba kutiopa. Ndinkadziwanso zimene zimachitikira nkhalamba ikalozedwa: anyamata amasasula denga dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amene amailandira.

Amene anandithandiza ndi mnzanga wa mukwaya, namwino wa pachipatala cha mishoni. Titaweruka kophunzira nyimbo ndinawakokera pambali n'kuwafotokozera. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Madamu, mumagona chagada?"

"Eee."

"Nanga mumagona nthawi yanji?"

"Ndikamaliza kuchonga makope. Ana ndili nawo ambiri."

"Ndiye mwatopa. Tamverani, munthu akamalota thupi limadzimanga lokha kuti asamachite zimene akulotazo. Nthawi zina mutu umadzuka thupi lisanamasuke. Chakuda mukuonacho ndi maloto otsalira, ngakhale ine chinandivutapo ndili kusukulu. Muzigona cham'mbali. Chikabwera musalimbane nacho, muzingopuma pang'onopang'ono n'kumayesa kugwedeza chala chachikulu chakuphazi."

Anandiphunzitsanso china. Anati masana ndiziwerenga zala zanga kawirikawiri n'kumadzifunsa ngati ndili maso. Ndikazolowera ndidzachitanso zomwezo kutulo, ndipo kumeneko zala sizikwana bwino. Ndikadzaona choncho ndidzadziwa kuti ndikulota, mantha adzachepa.

"Nanga fodyayo?" ndinafunsa.

"Za fodya sindikudziwa, madamu. Sindingakunamizeni."

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Ndinali ndisanamasuke, koma ndinayamba kuwerenga zala. Pamjigo, pamoto, pabolodi choko chili m'manja. Ana a m'kalasi anandigwira msanga. Ndikangotembenuka ndinkamva kumbuyo, "Wani, thuu, fili," wina n'kuphulika kuseka. Ndinawagwadiritsa atatu tsiku limodzi, koma mawa lake ndinawerenganso.

Uku masamba a kachewere anali atayamba chikasu. M'mawa uliwonse podutsa padimba ndinkayang'ana kumbali. Achimwene anatumiza uthenga kuti matumba agula kale ndipo sing'anga wavomera.

Patatha masabata atatu ndinalota ndili m'kalasi, pamadesiki patakhala mbuzi zokhazokha. Sindinadabwe, ndinayamba kuitana mayina. Kenako mwachizolowezi ndinayang'ana dzanja. Zala zisanu ndi ziwiri! Ndinakuwa kuti, "Ndikulota!" ndipo chisangalalocho chinandidzutsa pompo. Ndinatukwana ndekha mumdima. Ulendo wachiwiri, nditazindikiranso kuti ndikulota, ndinaugwira mtima, ndinatuluka m'kalasimo mwadala, n'kuyenda mpaka pamtengo wa pichesi, ndikudziwa bwinobwino kuti thupi langa lili pabedi. Ndinadzuka ndi kamphamvu kena. Koma chakuda chija chinali chisanabwerenso, ndipo kunali kutatsala masiku asanu kuti tikumbe.

Chinabwera Lachitatu, kukuyera kummawa. Ndinali nditatembenukira chagada osadziwa. Ndinatsegula maso, thupi gwa, icho chaima pakhomo. Mayo ine, mantha ake anali omwe aja, musanamizidwe kuti amatha. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Koma ndinadziuza kuti, puma iwe, puma. Chinasendera, chinakhala pachifuwa, fungo la fodya linafika. Sindinalimbane nacho. Maganizo onse ndinawatumiza kuphazi, ku chala chachikulu. Kamodzi, osatheka. Kawiri, osatheka. Kachitatu chinagwedera, ndipo thupi lonse linamasuka ngati mtolo wa nkhuni woduka luzi.

Chakuda chija chinazimirira. Kwa nthawi yoyamba sindinathawire panja, ndinangogona phee. Ndiye ndinadabwa: fungo lija linalipobe. Ndinawerenga zala, zisanu. Ndinali maso. Ndinanunkhiza bwinobwino. Silinkachokera pakhomo ayi, linali pamphuno panga pomwepa, m'mphepete mwa bulangete.

Bulangetelo linali la amayi aakulu. Kumayambiriro kwa Juni ndinkatsokomola kwambiri, iwo anandimva kuchokera kwawo, m'mawa mwake n'kulowa nalo bulangete lawo lolemera lija n'kuliponya pabedi. "Funda ili, ungafe nacho chifuwa." Mphuno yanga inalizolowera, ine n'kuiwala. Ndinakhala tsonga n'kulira ngati pamaliro.

Tsiku lomwelo nditaweruka ndinalikulunga, n'kukwera njinga yakabaza mpaka ku Mayani kumene achimwene ankagulitsa kabichi.

"Tanunkhizani apa."

Ananunkhiza, n'kuyang'ana kumbali. "Ndiye ukufuna ndichite manyazi? Sing'anga uja ndamuuza kale."

"Mukabwera naye ndidzaima pamaso pa mudzi wonse ndi kwa ansembe komwe, ndidzanena kuti zonse zinachokera pakamwa panga. Mundimange ine, osati mayi."

Tinakangana mpaka anthu anayamba kutiunjirira. Potsiriza anangoti, "Basi, zatha. Pita." Sing'anga sanabwere. Kachewere tinakumba Lolemba, denga la amayi aakulu lili chikhalire.

Koma nkhani inali itafika kale pamjigo, ndipo ya pamjigo sichedwa kufika pakhomo. Amayi aakulu ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinagwada bulangete lili m'manja.

"Mayi, ndinalakwa."

Sanadzutse mutu. "Chigumu chija galu anachikonda?"

Ndinasowa poyang'ana. Anali ataona zonse.

"Ndabweza bulangete lanu, mayi. Kukuzizira."

"Ndazolowera kufunda chitenje ndi thumba, mwezi wachiwiri uno," anatero. "Tenga, n'lako. Koma ukalichape ndi sopo wambiri, fungo langa lichoke, uzigona bwino."

Sanakalipe, sanalire, ndipo sanaitchulenso nkhaniyi. Tinkapatsana moni, ndinkawatungira madzi, akadwala ndinkagona kwawo. Chimodzi chokha chinasintha. Akabwera kwanga ankaima pakhonde n'kunena kuti, "Odi." Ndinkati, "Lowani, mayi, ndi kwanu kuno." Iwo ankati, "Ayi, pompano pali bwino." Anakhala zaka zina zinayi, ndipo phazi lawo silinapondenso m'nyumba mwanga.

Chakuda chija chimabwerabe mwa apo ndi apo ndikatopa. Ndimapuma, ndimagwedeza chala, chimapita. Malotonso ndinawadziwa ndithu. Ndikawerenga zala n'kupeza zisanu ndi chimodzi ndimatha kuuluka pamwamba pa phiri, ndimatha kuimitsa mvula, tsiku lina ndinasandutsa ahedi kukhala bakha. Koma kawirikawiri sinditaya nthawi ndi zimenezo. Ndimathamangira kunyumba, ndimateleka mapoto, n'kutsegula chitseko. Amayi aakulu amakhala ali pomwepo, kabotolo ka fodya kali m'manja. Ndimawagwira mkono, ndimawachonderera kuti alowe adzalawe mchere. Zina zonse kutuloko zimandimvera. Iwo amangoima pakhonde n'kunena kuti, "Odi."