Galimoto yanga yoyera ija

Alamu anga amagulitsa magalimoto kufupi ndi malire, pa Mwanza pompano. Chaka chimenecho magalimoto anadzaza mpanda wonse, ogula kulibe. Ina nkhuku zinkaikiramo mazira. Ina inamera chimanga pa tayala, mpaka tinaotcha mondokwa, sindikunama.

Tsiku lina anandiitana. "Mlamu, yoyerayo ndailembetsa m'dzina lanu."

Ine pansi gwadegwade, misozi mbwembwembwe.

"Dzukani inu! Amene amanditumizira magalimoto amafuna aziona kuti malonda akuyenda. Ikavala nambala, kwa iwowo ndiye kuti yagulidwa."

"Ndiye yagulidwa?"

"Ayi."

"Nanga mwini wake ndani?"

"Inuyo."

"Makiyi bwanji?"

"Musayerekeze! Ikayenda, mtengo utsika."

Mutu unazungulira, koma pakamwa panga sipadikira mutu. Madzulo omwewo ndinauza chibwenzi changa cha ku Kanduku kuti ndili ndi galimoto. Makolo ake ankandikayikira, ati ndine woyendayenda wa pa boda. Atamva nkhaniyo anati ndibwere Loweruka ndidzaonekere, galimotoyo aione.

Ndinawachonderera alamu, anakana. Iwonso mutu unali utaima: otumiza aja, posangalala ndi malonda abodzawo, anali atatumiza magalimoto ena. Achemwali anga analembetseredwa imodzi. Alonda ziwiri, koma kuntchito ankabwerabe pa njinga yopanda mabuleki.

Kenako kunabwera bambo wina wachipewa, nakonda yoyera ija. Alamu anandikankhira kutsogolo. "Mwini wake woyamba ndi uyu. Amaisamala ngati dzira."

"Mukuigulitsiranji, achimwene?" anafunsa bamboyo.

"Zinthu zake," ndinatero, poti nanenso sindinkadziwa.

Loweruka ndinakwera kabaza, pa zitunda tikuchita kukankha tonse awiri. Ndinafika thukuta kamukamu, bodza loti ndiwauze ndilibe. Pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, galimoto yanga ili phee! Wachipewa uja anali malume ake a mtsikanayo.

Malumewo anandiyang'ana. Ine ndikuyeza mtunda wothawira.

"Mnyamata uyu ndikumudziwa," anauza abale. "Wagulitsa galimoto yatsopano kuti akonzekere banja. Ana a masiku ano angatero?"

Amayi a mtsikanayo analulutira. Anandilola.

Pobwerera, malumewo anandipatsa lifiti mpaka pa boma. Panjira anandifunsa pamene amayatsira mawaipa. Ndinawauza kuti nthawi yanga mvula sinkagwa.