Mfuti ya Davide Inalira Kamodzi

Davide wa ku Ngauma ndi munthu wa mapira. Anzake anatembenukira ku fodya kalekale, koma iye chaka chilichonse mvula ikamatsazika amamanga nsanja pakati pa munda n'kukoka zingwe za zitini mbali zonse. Mpheta amaziingitsa ndi pakamwa ndi zitini basi. Mfuti anaombapo kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo tsikulo chilolezo cha boma chinali m'thumba mwake.

Iye ndi mkazi wake Otília anabwerera kuchokera ku Malawi mu 1994, nkhondo itatha, atanyamula makasu awiri, kathumba ka mbewu ndi mwana wawo Felesita. Pomwe panali nyumba yawo anapezapo mitengo. Kumunsi kwa munda kunali njira yakale ya asilikali, ndipo ofukula mabomba anali atandandalika miyala yopaka utoto wofiira m'mbali mwake, n'kunena kuti adzabweranso. Kuseri kwa miyalayo udzu unkakula popanda woumweta. Mbuzi ya mnansi inalowako tsiku lina. Anthu anamva kugunda, ndipo palibe anapita kukatola nyama.

Otília anabwera ndi nthenda yosaoneka ndi maso. Akamva kuphulika kulikonse, kaya nsungwi pamoto kaya tayala la njinga, miyendo inkamunyamula iye asanaganize. Ankathamanga osaona kolowera mpaka mpweya umuthere. Davide ankayang'ana miyala yofiira ija n'kuyang'ana mkazi wake.

Chaka chachiwiri mapira anabereka. Ngala zinawerama, kuzizira kwa m'mawa kunayamba, ndipo mpheta zinafika ngati utsi wa lupsa. Zitini zinazolowereka. Mawu a onse awiri anasasa. Davide anapita pachulu n'kufukula gogodera, mfuti ya malemu bambo ake, imene anaikwirira pothawa.

Masiku amenewo kupezeka ndi mfuti yosalembetsa kunali kudziitanira mlandu. Anaikulunga mumphasa n'kupita nayo ku boma. Anayendako katatu. Paulendo wachitatu shefi, mkulu wa pa ofesipo, anadinda chikalata n'kumufotokozera malire ake: aziombera m'munda mwake mokha, dzuwa litatuluka, kutali ndi nyumba za anthu, ndiponso mbalame zokhazo zimene zikudya mbewu. Chiswankhono ndi kakowa azisiye. Davide sadziwa kuwerenga Chipwitikizi, choncho anapempha kuti amuwerengere kawiri mpaka analoweza. Za munthu wothawa kulira kwa mfuti munalibemo.

Zimenezo anakonza yekha. Anayenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu kuti mawa kukalira mfuti asatole akatundu, woombayo ndi iye. Anapempha Otília kuti alawirire ndi mwana kupita kwa mkulu wake ku Mandimba, pamodzi ndi amayi opita kumsika. Otília anavomera.

Koma atafika pachitunda anacheuka, n'kuona mtambo wa mpheta ukutsikira m'munda mwawo. Dzuwa linali lisanatuluke, ndipo ankadziwa kuti mwamuna wake sangaombe nthawi isanakwane. Anasiya mwana m'manja mwa anzake aja n'kubwerera chothamanga, poganiza kuti aziingitsa pang'ono kenako achokepo. Analowera kumunsi, kumene mapira anali ataliatali kupitirira mutu wa munthu.

Davide anali kumtunda, maso ali kum'mawa. Dzuwa litangosuzumira paphiri, anaomba.

Mpheta zinadzuka zonse. Utsi wa onga usanathe, anaona mapira akugwedezeka kumunsi, kenako chitenje chimene ankachidziwa chikudumpha miyala yofiira. Anataya mfuti. Pofika pamiyalapo, Otília anali ataima chilili pakati pa udzu, mapazi ngati makumi atatu kuchokera pomwe iye anali, akuwefuka. Nayenso anali atazindikira pomwe waima.

Davide anafuna kulumpha, koma anaima pamiyalapo. Kenako anaona chinthu. Udzu wonse unali woyera ndi mame, kupatula mzere wakuda pomwe Otília anadutsa n'kuwayoyola. Mapazi ake ankaoneka limodzilimodzi. Koma dzuwa linali likukwera, ndipo mame a nyengo imeneyo sachedwa kuuma.

“Amake Felesita,” anatero motsitsa mawu, “ndine ndaomba. Kulibe nkhondo. Tembenukani pomwe mwaimapo, phazi lisasunthe.”

“Sindingathe, bambo ake.”

“Mungathe. Onani pomwe pada. Pondani pomwe munaponda.”

Mapazi a munthu wothamanga amatalikirana. Otília ankachita kudzitambasula kuti afike pa lililonse, manja ali m'mwamba ngati akuwoloka mtsinje pamtengo. Davide anagwada pamiyala kuti aone bwino mzerewo, akumuuza kuti kumanja pang'ono, apo, imani kaye. Kumbuyo kwake mpheta zinali zitabwerera. Ankazimva zikuswa mapira, koma sanacheuke.

Atatsala mapazi asanu, dzuwa linafika paudzupo. Mzere unazimirira.

“Sindikuonanso,” anatero Otília.

Davide anagona chafufumimba, tsaya pansi, n'kuyang'ana udzu chammbali. Pomwe phazi linatera, tsinde la udzu linali lothyoka. Anadula phesi lalitali la mapira, n'kumaloza nalo malo amodziamodzi osakhudza dothi. Phazi lomaliza Otília anachita kumugwera. Anakhala pansi onse awiri.

M'mawa mwake Davide anabweza mfuti ku boma. Shefi anafunsa kuti waphwanya lamulo liti. Iye anayankha kuti palibe, anasunga onse, ndipo anaisiya pathebulo n'kutuluka. Chaka chimenecho anakolola madengu anayi okha, limodzi n'kusunga la mbewu.

Ofukula mabomba anabweradi patapita mvula zitatu, ndipo panjira ya asilikali ija tsopano pamalimidwa nandolo. Davide wakalamba, nsanja amaikwera mogwiririra. Otília amakhala pansi pake akusenda chinangwa. Mpheta zikatera, Davide amagwira chingwe, koma asanachikoke amayamba wawerama n'kunena kuti, “Amake Felesita, ndikugwedeza zitini.”