Lifiti ya Lamulungu

A Sellah, amayi anga aakulu, sadziwa kuyendetsa ngakhale njinga yakapalasa, koma mukafuna kudziwa dalaivala wabwino pa msewu wa ku Makwasa, funsani iwowo. Anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka msana utakana, ndipo moyo wawo wonse akhala akuyenda pa lifiti. Kumene amakhala, kuseri kwa malayini a antchito, minibasi sifika. Kumafika mathirakitala otenga masamba a tiyi, malole a nkhuni za ku fakitale, ndi timagalimoto ta anthu ogula nthochi. Njinga za kabaza zabwera dzulodzuloli, ndipo iwo amadana nazo. Amati anyamata ake amathamanga ngati aba nkhuku.

Ife a m'tauni takhala tikuwakalipira mpaka kutopa. Timati, "Amayi, dziko laipa, tsiku lina mudzakwera ya achifwamba." Iwo amangoseka n'kuyankha kuti, "Inuyo mumakwera mabasi osadziwa ngakhale dzina la woyendetsa. Ine ndimayamba ndaona munthu, galimoto ndimaiona pambuyo."

Ndipo amaonadi. Galimoto ikaima sathamangira. Amayenda mwaulemu mpaka pa windo, n'kuweramira m'kati ngati akupereka moni, chikhalirecho akununkhiza ngati muli kachasu. Kenako amafunsa kuti, "Kodi ndinu a kwa ndani?" Dalaivala akalephera kutchula mudzi, mpingo kapena amalume ake, amamuthokoza bwinobwino n'kumuuza kuti akudikira munthu. Ya amuna okhaokha sakwera, dzuwa likapendeka sakwera, ndipo amakonda kumbuyo, poti zikavuta akhoza kumenya denga. Tsiku lina atazindikira mochedwa kuti dalaivala wa lole walawako, anapempha kuti atsike akadzithandize. Analowa m'munda wa tiyi n'kutulukira mbali ina, lole ikuliza hutala kuwadikira.

Ndimavomera kuti kuyenda kotereku kumadya nthawi. A Sellah anafikapo pa ukwati anthu akutsuka mbale. Koma sanagwepo, sanaberedwepo, ndipo madalaivala amene amawatsitsa amapita ndi mapeyala kapena phava la nthochi, ena mpaka amawatchula kuti apongozi.

Chaka chatha amuna awo, a Jonas, anagonekedwa m'chipatala ku Makwasa. Chifuwa chinawagwira koopsa. Mwana wawo Vailet ndiye ankawadikirira, a Sellah n'kumapita ndi kubwerera chifukwa cha mbuzi ndi zidzukulu. Vuto linali loti a Jonas anasiya kudya. Phala ankalikana, tiyi ankangomuyang'ana, ndipo anamwino anauza Vailet mosabisa kuti mankhwala okha popanda chakudya sangawadzutse. Loweruka Vailet anaimba foni. Anati, "Amayi, ababa ayankhula. Akuti akufuna kalongonda, koma wophika inuyo."

Amene amamudziwa kalongonda adziwa kuti nyemba imeneyi siifuna phuma. Umaiwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, apo ayi imakuzunguza mutu. A Sellah anakhala pa moto tsiku lonse. Kutacha Lamulungu anamanga kapoto m'chitenje n'kukaima pa msewu.

Lamulungu esiteti imagona. Kunalibe thirakitala, kunalibe lole, ndipo chiperoni chinali chitagwa, msewu uli thope lokhalokha moti ngakhale a kabaza aja anakhala m'nyumba. A Sellah anaima mpaka mpango unanyowa. Mantha awo anali amodzi, kuti munthu wodwala akalakalaka chinthu lero, mawa akhoza kuchikana, kapena osapezekanso.

Dzuwa litakwera, ngakhale silinkaoneka, kunatulukira pikapu ikuyenda pang'onopang'ono, nyali zili zoyaka. Inaima yokha. Woyendetsa anali Raphael, mwana wa kapitawo wawo wakale, munthu wosamwa, woimba kwaya. Kumbuyo kunali amayi okhaokha atafunda zitenje. Galimotoyo inakhoza mayeso onse a a Sellah. Koma kutsogolo kwake anali atamangako nthambi zamasamba, ndipo pakati pa amayi aja panali bokosi latsopano, lopanda kanthu. Ankapita ku chipatala komweko kukatenga maliro.

Kwathu kuno munthu sapita kukaona wodwala atatsagana ndi bokosi. Amenewo ndi malodza. A Jonas akanamwalira sabata imeneyo, mudzi wonse ukananena kuti mkazi wawo anawatengera bokosi ali moyo, ndipo a Sellah eni ake akanakhulupirira zomwezo mpaka kumanda. Raphael ankadziwa zimenezi. Anatsitsa galasi n'kunena mwamanyazi kuti, "Amayi, pepani, ndaima chifukwa cha ulemu chabe. Sindikukukakamizani. Koma kumene tachokeraku sitinaone galimoto ina."

A Sellah anayang'ana bokosi, anayang'ana kapoto kawo. Ndiye mayi wina amene anakhala chakumutu kwa bokosilo, maso ali otupa, anatambasula manja. Anati, "Bweretsani kapotoko ndikugwirireni, mukwere. Bokosili lili ndi mwini wake kale. Ndi la mwana wanga."

Anakwera. Anakhala pakona, nkhope atalozetsa ku minda ya tiyi, akupemphera chamumtima m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe, kuti chimene Mulungu amve msanga chikhale chomwecho. Galimoto inkaterereka m'thope, amayi aja n'kumagwira bokosi kuti lisagunde m'mbali. Mayi woferedwa uja sanagwire bokosi. Anafungatira kapoto ka kalongonda pamiyendo njira yonse, ngati khanda, osalola kuti katayike ngakhale dontho. Sanayankhulane zambiri. Mayiyo anangofunsa kuti akudwala ndani, ndipo atamva anagwedeza mutu.

Asanafike pa geti, a Sellah anamenya denga. Sanafune kuti wina wa m'wodi asuzumire pa windo n'kuwaona akutsika m'galimoto yotero. Anafuna kupepesa maliro mwamwambo, kugwada ndi kukhala nawo pang'ono, koma mayi uja anawapatsira kapoto n'kuwakankha paphewa. Anati, "Zopepesa mudzachita tsiku lina. Thamangani, anuwo akadali ndi pakamwa podyera."

Ndinali m'wodimo tsiku limenelo, ndipo ndinawaona akulowa, matope mpaka m'mawondo, akupuma ngati athamangitsidwa. A Jonas anali atatsamira pilo, ataonda moti ndinkachita mantha kuwayang'ana. Vailet anawadzutsa. A Sellah anamasula chitenje, n'kutapa kalongonda pang'ono ndi supuni.

A Jonas anatafuna nthawi yaitali. Tonse tinadikira kuti tione ngati alavula kapena ameza. Anameza. Anatseka maso, ndipo ine ndinaganiza kuti basi atopa, zathera pomwepo. Kenako anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana mkazi wawo.

"Sellah," anatero ndi mawu okhwepa, "mchere wachepa."

A Sellah anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira mokweza, mpaka odwala a mabedi ena anadzuka poganiza kuti kwagwa zovuta. Vailet anathamanga kukapempha mchere kwa anzake odikirira odwala. A Jonas, osadziwa chimene chikuliritsa mkazi wawo, anali atayasamula kale kudikira supuni yachiwiri.