Mwana Wachinayi wa Rozi

Rozi anakwatiwa ndi Laisoni chaka chimene anthu anayamba kuvotera zipani zambiri. Anali mtsikana wansangala, woimba kwaya kutchalitchi cha kwawo kufupi ndi Golomoti, ndipo ana a eni ake ankamukangamira kulikonse. Koma ana a m'mimba mwake sanakhalitse. Woyamba anapita ndi malungo asanayambe kuyenda. Wachiwiri anafera kumsana pa ulendo wa kuchipatala, Rozi n'kuyenda naye njira yonse akumuyankhula, osadziwa kanthu. Wachitatu anatupa miyendo pa njala ya 2002, ndipo anamuika mmawa anthu ochepa alipo, popeza maliro anali atachuluka m'mudzi.

Wachinayi atabadwa, Rozi anangomuyang'ana kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Dzina la Eleni anapereka ndi a Regina, akulu ake a Rozi. Kuyamwitsa ankayamwitsa, kusambitsa ankasambitsa, koma ngati munthu wotsuka mbale za eni ake. Mwana akalira, thupi lonse la Rozi linkazizira. Ankangomusiya pakhonde pa a Regina, n'kutenga khasu kupita kumunda wa mpunga ku sikimu ya Bwanje.

Eleni sanamwalire. Anakula wonenepa, wochangamuka, koma akagwa ankadutsa amayi ake ali pomwepo, kukalirira a Regina. Anthu anayamba kunong'ona kuti mkazi wosakonda mwana chotere ndiye anadya atatu aja. Kunyumba nako kunalibe mtendere. Poopa mimba ina, Rozi anayala mphasa yake payekha, ndipo ankhoswe atakhalapo anati ndi mwano chabe.

Eleni ali mu Sitandade 2 anadwala malungo aakulu. A Regina anathamanga naye kuchipatala, Rozi akutsatira m'mbuyo, koma atafika pakhomo la wodi Rozi analephera kulowa. Anangokhala panja pomwepo. Amene anamupeza pamenepo anali a Kaliati, namwino wa matenda a maganizo, amene ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi. Iwo sanamudzudzule. Anakhala pa benchi pambali pake.

"Mayi, sindikufunsani chifukwa chake simukulowa," anatero a Kaliati. "Mungondiuza zimene thupi lanu likumva panopa."

"Kumsana kukulemera," anayankha Rozi. "Ngati ndabereka mwana wozizira."

Eleni anachira, ndipo Rozi anayamba kupita kwa a Kaliati mwezi ndi mwezi. Sankamupatsa mapiritsi, sankamufulumizitsa. Akaona kuti mpweya wayamba kumuthawa, ankasiya nkhani n'kumuuza kuti aponde pansi mwamphamvu, atchule zimene akuona m'chipindamo. Tsiku lina anamufunsa mayina a ana aja. Chiwaikire, palibe amene anawatchulapo. Rozi anati Bonifasi, anati Henele, koma atafika pa Tiwonge, wakumsana uja, analira mpaka odwala a panja anasuzumira.

"Inu si mfiti, komanso si kuti mulibe chikondi," anatero a Kaliati Rozi atatonthola. "Katatu konse munakonda mwana, katatu konse munapita kumanda. Mtima wanu unaphunzira kuti ukayandikira mwana, amwalira. Ndiye ukumuthawa Eleni kuti umupulumutse. Koma iye sakudziwa zimenezo. Iye akungoona amayi amene samufuna."

A Kaliati anapempha kuti Laisoni abwere. Anabwera kamodzi kokha, atavala malaya a kutchalitchi, n'kumamvetsera chipewa chili pa bondo.

"Ana atatu amenewo inenso ndinawaika, a dokotala," anatero pomaliza. "Manda a Tiwonge ndinaloza ndine pokumba. Palibe anandifunsapo kuti ndili bwanji."

Rozi anamuyang'ana mwamuna wake ngati akumuona koyamba. Anafuna kumugwira dzanja, koma anazengereza, ndipo Laisoni anaimirira kuti akuchedwa kumsika.

Ntchito imene a Kaliati anamupatsa Rozi inali yaing'ono: kukhala ndi Eleni madzulo aliwonse, kumupesa ndi kumuluka tsitsi. Tsiku loyamba mwanayo anakhala pakati pa miyendo ya amayi ake atauma khosi ngati mtengo. Chipeso chitangomukhudza, anafunsa ndi mawu otsika, "Ndalakwa chiyani, amayi?" Rozi analuka mzere umodzi wokha, n'kupita kuseri kwa nyumba kukasanza. A Kaliati anamuuza kuti asasiye, chifukwa mwana naye anali ataphunzira kusayembekezera kanthu, ndipo kuti aiwale zimenezo padzatenga zaka.

Zakazo sizinapezeke. Mvula isanagwe, a Kaliati anawasamutsira kuboma lina, ndipo m'malo mwawo simunabwere wina. Rozi anapita tsiku lake la nthawi zonse n'kupeza m'chipinda muja mwadzaza makatoni a maneti a udzudzu. Anayesa kupitiriza yekha, masiku ena n'kutheka, koma Eleni akangotentha thupi kapena kutsokomola, miyendo inkamutengeranso kumunda. Laisoni anakwatira mkazi wogulitsa nsomba ku Mtakataka, ndipo kumeneko anabereka ana awiri.

Eleni atalemba mayeso a Sitandade 8 anapeza ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. Potsanzika anagwada mwaulemu kwa amayi ake, koma misozi anakagwetsera kwa a Regina. Pano ali pabanja, ali ndi mwana wamwamuna amene Rozi wangomuona pa chithunzi cha mufoni.

Lamlungu masana Eleni amaimbira a Regina. Rozi, amene imvi zayamba kumutuluka, amapezeka ali pomwepo akutola miyala mu mpunga, khutu lili kufoni.

"Achemwali, mumuuze kuti kilombero wacha, ndimutumizira pa minibasi," amatero.

A Regina amamutambasulira foni kuti anene yekha. Nthawi zina amailandira, n'kufunsa za mvula ya ku Lilongwe, ndipo Eleni amayankha mwaulemu kuti ikugwa bwino.